Mmene ndinakonzera ma reference a kafukufuku wanga

Ndinayamba ndi kufunsa ku dipatimenti kuti akufuna kalembedwe kati ka ma reference, kutanthauza katchulidwe ka mabuku ndi nkhani zimene ndagwiritsa ntchito. Anati APA, kope lachisanu ndi chiwiri, limene bungwe la American Psychological Association linatulutsa mu 2019. Funsoli si lotayitsa nthawi. Anzathu ambiri a zaumoyo amatsatira Vancouver, kumene gwero lililonse limapatsidwa nambala, pomwe APA ndi Harvard zimafuna dzina la mlembi ndi chaka. Harvard yokhayo ilibe buku limodzi la malamulo, yunivesite iliyonse imaisintha pang'ono, ndiye ukangotola chitsanzo pa intaneti utha kugwira ntchito kawiri.

Kenako ndinadziikira lamulo: buku kapena nkhani ya mu journal, ndisanawerenge n'komwe, ndiyambe ndalemba dzina la mlembi, chaka, mutu, wosindikiza, ndi DOI (nambala yapadera yopezera nkhaniyo pa intaneti) ngati ilipo. M'manotsi, mawu okopera ndendende ndinkawalemba ndi mtundu wofiira, nambala ya tsamba pambali. Zimene ndafotokoza m'mawu anga zinali zakuda. Kwa ine nkhani yonse yagona pamenepa. Pakapita miyezi sungakumbukire kuti chiganizo ichi ndi chako kapena cha mwini wake, ndipo ena amene amagwidwa ndi Turnitin (pulogalamu yofufuza mawu okopera) sikuti anafuna kuba, anangosakaniza manotsi. Komanso kusintha mawu awiri atatu m'chiganizo cha munthu sikukupatsa umwini. Ganizo likadali lake, dzina lake liyenera kuoneka.

M'kati mwa nkhani malamulo a APA ndi ochepa. Dzina ndi chaka m'mabulaketi, ndipo ngati wagwira mawu ake enieni uwonjezere tsamba. Alembi akakhala atatu kapena kuposerapo umalemba woyamba yekha ndi et al. (kutanthauza "ndi ena"), kuyambira ulendo woyamba womwe. Mawu ogwidwa akafika 40 amakhala pandime yawoyawo yolowa m'kati. Munthu mmodzi akatulutsa ntchito ziwiri chaka chimodzi, umazisiyanitsa ndi zilembo, 2019a ndi 2019b.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa nkhani ya makope. Buku la Creswell la njira zochitira kafukufuku, kope lachinayi ndi la 2014 ndipo mlembi ndi mmodzi. Lachisanu ndi la 2018, alembi ndi awiri, choncho limalembedwa (Creswell & Creswell, 2018). Umatchula kope limene unaligwira m'manja, osati limene mnzako anatchula, chifukwa masamba amasuntha. Chimodzimodzi ukapeza mawu a munthu m'buku la wina. APA imalola kulemba "as cited in", kusonyeza kuti wawapeza mwa wina, koma asupavaiza anga sankakondwera nazo zikachuluka, ankati ndipite ndikafune gwero lenilenilo. Ndinaona kuti akunena zoona, poti wotchula mnzake nthawi zina amapotoza pang'ono.

Mndandanda wa kumapeto ndinaupanga ndi Zotero, pulogalamu yaulere. Imathandiza, koma imangolemba zimene yapatsidwa. Mitu ina inabwera m'zilembo zazikulu zokhazokha, pena dzina la bungwe linadulidwa ngati dzina la munthu. Ndinakonza chimodzichimodzi. Mzinda wa wosindikiza ndinauchotsa, kope lachisanu ndi chiwiri silifunanso zimenezo, ndipo DOI ndinailemba ngati linki yoyamba ndi https://doi.org/. Zimene munthu anandiuza pa imelo ndinazitchula m'kati mwa nkhani mokha, chifukwa wowerenga sangazipeze pena paliponse.

Ntchito yomaliza inali yotopetsa koma yosavuta. Ndinasindikiza mndandandawo, n'kuwerenga kafukufuku yense kuyambira mutu woyamba, cholembera m'manja. Dzina lililonse la m'mabulaketi ndinkalifufuza pamndandanda, kuona ngati chaka ndi kalembedwe ka dzina zikugwirizana, n'kuchonga. Mabuku amene anatsala osachongedwa anali amene ndinawerenga koma sindinawatchule. Amenewo ndinawachotsa ndisanatumize fayilo kwa asupavaiza.