Ndatuluka, ndili kwathu ku Thyolo: zikomo nonse amene munandiyendera mlandu ku Joni

Abale ndi alongo, ndafika. Basi inatitsitsa pa Wenela Lachiwiri m'mawa, ndipo pofika masana ndinali nditakhala pakhonde kwathu, mayi atandigwira mkono osayankhula kanthu, ngati akufuna atsimikize kuti ndine ndithu. Ndadikira sabata yathunthu ndisanalembe chifukwa mutu unali usanakhazikike. Maina sinditchula, poti ambiri a inu mukadali ku Joni ndipo mapepala anu ndikuwadziwa mmene alili. Aliyense adzizindikira yekha.

Ena munangomva kuti "amangidwa", ndipo nkhani pofika kumudzi inali itamera kale nthenga, ati ndinathyola nyumba ya mzungu. Ndiye ndiyambe ndafotokoza.

Ndakhala ndikugwira maganyu a m'gadeni kumpoto kwa Johannesburg kwa zaka zinayi. Nyumba ina ndinkapitako Lolemba ndi Lachinayi. Adona a pamenepo atagula makina atsopano otchetchera kapinga, akale aja anandipatsa kuti ndizikagwirira maganyu ena. Ndinakondwa ngati mwana, chifukwa wokhala ndi makina akeake amatchula yekha mtengo. Lachinayi limenelo ndinaweruka cha m'ma 4 koloko, ndikukankha makina anga m'mbali mwa msewu. Veni ya apolisi inandidutsa, n'kuima, n'kubwerera chambuyo.

Funso loyamba linali pasipoti. Ndinali nayo, ndipo masiku analimo. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera kumudzi mu Januwale, moti pa masiku 30 amene Mmalawi amadindiridwa pachipata, anali atatsala 11. Wapolisiyo anaitembenuzatembenuza, akuoneka kugwa mphwayi. Kenaka analoza makina aja: lisiti lili kuti? Ndinati ndachita kupatsidwa. Anati imba foni. Ndinaimba kanayi konse, osagwira. Adona anali m'ndege, ulendo wokaona mwana wawo kunja. Ine ndinkadziwa zimenezo, koma Chingerezi chofotokozera chinandithawa pakamwa. Mnzake uja anandikokera pambali n'kunena za "cold drink". Amene munakhalako mukudziwa kuti si ludzu limenelo. M'thumba munali R60 yokwerera. Anaseka, n'kutsegula chitseko cha kumbuyo kwa veni.

Dziko lija lili ndi lamulo lakale, la 1955, loti munthu akapezeka ndi katundu amene akumuganizira kuti ngwakuba, iye n'kulephera kufotokoza mogwira mtima kumene wamutenga, umenewo pawokha ndi mlandu. Sipafunikanso kuti wina akadandaule kuti waberedwa. Ine lamuloli ndinakalimvera m'chitokosi. Anandipatsanso pepala la ufulu wanga kuti ndisaine, lonena kuti ndikaonekere kukhoti pasanathe maola 48. N'zoona, zili m'gawo 35 la malamulo aakulu a South Africa. Chimene ndinaphunzira mochedwa n'choti maolawo akathera Loweruka kapena Lamlungu, umadikira tsiku loyamba limene khoti litsegule. Womangidwa Lachinayi madzulo amaonekera Lolemba.

Zikomo yanga yoyamba ipite kwa munthu amene sadzawerenga izi. Wapolisi wamkazi wa usiku wa Lachisanu, ataona kuti ndakhala tsiku lonse osadya, anandifunsa ngati pali m'bale amene akudziwa kumene ndili. Foni yanga inali itatsekeredwa pamodzi ndi lamba ndi zingwe za nsapato. Anandibwereka yake, mphindi ziwiri zokha. Pa manambala onse a padziko, imene ndinkaidziwa pamtima inali ya alamu anga basi, ndiponso chifukwa choti ndinali nawo ngongole ndipo ankandiimbira pafupipafupi. Alamu, ngongole ija inandipulumutsa.

Lolemba kukhoti zonse zinatha ngati kuphethira. Woweruza anandifunsa ngati ndimamva Chingerezi. Ndinagwedeza mutu kuvomera, poopa kuoneka mbuli. Chingerezi changa n'cha m'gadeni, cha "dula apa, thirira apo". Cha kukhoti n'china. Anayankhulana okhaokha, woimira boma anatchula masiku 7, ine n'kumaganiza kuti akundiuza kuti ndipite kunyumba ndidzabwerenso. Ndinazindikira akunditsitsira ku masitepe a pansi. Mlandu anali ataimitsa kaye kuti apolisi akatsimikize kumene ndimakhala ndiponso afufuze za pasipoti yanga. Mlendo sapatsidwa belo msanga, amati athawira kwawo. Nanga mkhukhu wamalata wa kuseri kwa nyumba ya eni, wopanda nambala pachitseko, wapolisi angaupeze bwanji ngati sakufuna kuupeza?

Za kundende sindinena zambiri. Ana anga amawerenga Facebook.

Koma za achimwene a ku Mangochi amene ndinawapeza mmenemo ndiyenera kunena. Usiku woyamba ndili chiimire pafupi ndi chitseko, ndikusowa poponda, ndinamva wina akuti, "Aise, ndiwe wa kuti?" Anali atandizindikira ndi kayankhulidwe pamene ndinkayankha woyang'anira chipinda. Anasendera, n'kundipatsa theka la siponji yawo. M'mawa anadula sopo pakati. Iwo Msilamu wa Swala zisanu, ine wa CCAP, koma kwa masiku onsewo tinkadya buledi mmodzi. Ndi iwo amene anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa zimene pepala lija silinandiphunzitse. Anati ukakaimanso pamaso pa woweruza, ukanene kuti ukufuna loya wa Legal Aid, ngwaulere. Ukanene kuti ukufuna womasulira Chichewa, ngakhale akuseke. Ndipo wina akadzakunyengerera kuti ungovomera mlandu kuti utuluke msanga, usadzavomere chimene sunachite, chifukwa dzina la wakuba lidzakutsata mpaka pachipata. Mawu omalizawo ndinawakumbukira kangapo, poti masiku ena mtima unkati ingovomera zithe.

Pamene ine ndinali mkati, kunja kunatulukira mkulu wina, Mmalawi mnzathu, wa jekete ndi kachikwama m'manja. Anauza alamu kuti amadziwana ndi akuluakulu, R3,000 yokha fayilo isowa. Akazi anga atamva anagulitsa mbuzi zitatu tsiku lomwelo, pamtengo wa munthu wothedwa nzeru, n'kutumiza. Kuyambira pamenepo foni ya mkuluyo inangoti zii. Sindikudzudzula alamu kapena mayi a ana, munthu akamamira amagwira ndi udzu womwe. Koma zimandiwawa kuposa za wapolisi wa "cold drink" uja. Iye uja sankandidziwa. Uyu amadya nafe nsima pamaliro.

Mayi a ana, inu munasenza zambiri. Munamva zonyoza kuchitsime, munauza ana kuti bambo foni yawo yawonongeka, munapalira nokha chimanga chonse. Mbuzi ndibweza. Zina zija sindingabweze.

Gulu lathu la maliro, lija timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya mtembo upite kumudzi, linachita chimene malamulo ake sanena. Apampando anauza anthu kuti munthuyu sanafe, koma tikangokhala afa. Munasonkha, ena R20, ena R50, wina R500 koma anakana kuti alembedwe m'kaundula. Amayi a Mvano munkasinthana kubwera kudzandiona, kuima pamzere kuyambira m'mamawa, kusechedwa thupi lonse, kuti mundione mphindi zochepa. Ndikudziwa kuti ena a inu munalowa pageti la ndende mtima uli m'mwamba chifukwa masiku anu anatha kalekale. Mayi wina anatuma mwana wake wobadwira konko kuti abweretse sopo ndi mankhwala otsukira mano, iye atabisala patali. Ndinamva zonse. Pamene munachotsapo, Mulungu abwezeretsepo.

Mayi eni malo amene ndinkachita lendi, nzika ya konko, anandidabwitsa. Zaka zonsezi tinkangodziwana pa tsiku la lendi. Masiku ano a Operation Dudula, gulu lija lofuna kuthamangitsa alendo m'dzikomo, mwini nyumba wosunga alendo amalozedwa chala ndi anzake. Komabe ataona kuti sabata yachiwiri yadutsa apolisi akungoti adilesi sinapezeke, anavala, n'kutenga chitupa chawo, n'kupita okha kupolisi kukalemba kalata yolumbira kuti munthuyu amakhala pakhomo panga ndipo sanandibepo ngakhale supuni. Katundu wanga anamusunga, lendi ya mwezi umenewo sanaitchule. Alamu, mukawawerengere ndime imeneyi m'chinenero chawo.

Womasulira ndinamupempha ulendo wachiwiri. Ulendo wachitatu sanapezeke, mlandu n'kuimitsidwanso, ndipo usiku umenewo ndinawadandaulira achimwene aja kuti nzeru zanu zandionjezera sabata. Ulendo wachinayi, tsiku la 25, ndikukwera masitepe ndinaona bambo wachikulire ataima pafupi ndi bokosi la woimbidwa mlandu. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa, "Muli bwanji achimwene? Musaope, muziyankhula pang'onopang'ono." Abale, ndinalira. Bambo wa ana atatu, pamaso pa khoti lodzaza. Tsiku limenelo ndi limene ndinamva koyamba mlandu wanga wonse kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo woweruza anamva koyamba kuti makinawo anali ndi mwini wake wodziwika, wokhala ndi nyumba ndi nambala ya foni. Bambo inu, mwina kwa inu inali ntchito chabe, koma munandibwezera pakamwa panga.

Belo anandikanizabe. Chifukwa chake n'choseketsa ukachimva uli kunja. Masiku 11 aja anathera m'ndende, ndiye woimira boma anati munthuyu tsopano ali m'dziko muno popanda chilolezo. Amene ananditsekera kuti ndisathe kutuluka m'dziko ndi omwewo ankandifunsa chifukwa chimene sindinatulukire. Loya wanga wa Legal Aid, mtsikana wamng'ono amene tsiku limenelo anali ndi mulu wa mafayilo wofika pachibwano, anayesetsa kutsutsa koma sizinatheke. Potuluka anauza alamu kuti njira yatsala imodzi, adona abwere okha.

Apa ndiye panali povuta, ndipo ndikufuna anthu amvetse. Alamu anali atawapeza kale adona kudzera mwa mayi wa ku Zimbabwe wogwira ntchito m'nyumbamo, ndipo adona anayankha pa WhatsApp kuti inde, makina ndinamupatsa ndine. Koma khoti limafuna kalata yolumbira, uthenga wa pafoni silinaulabadire. Tsono lamulo lawo loona za anthu olowa m'dziko, la 2002, limati wolemba ntchito mlendo amene alibe chilolezo chogwirira ntchito nayenso wapalamula. Masiku 30 amene timadindiridwa aja ndi ochezera, osati ogwirira ntchito, tonse tikudziwa. Ndiye kuti adona akanene kuti "uyu amandigwirira m'gadeni", kunali kudziika okha m'kamwa mwa ng'ona. Amuna awo anawaletsa. Anakhala masiku angapo osayankha mafoni, ndipo ine nditamva ndinati basi, kwa eni kulibe mkuwe. Kenaka Lachisanu lina anangodzuka n'kupita kupolisi, atanyamula kabuku kakale ka makinawo ndi lisiti la atsopano aja. Lolemba lotsatira anabwera kukhoti, n'kukhala pabenchi pakati pa amayi a Mvano, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Woimira boma anaimirira n'kunena kuti boma lauchotsa mlandu. Linali tsiku la 39.

Sindinganene kuti adona ndi mngelo. Pa malipiro tinkakangana chaka ndi chaka. Koma tsiku limene zinafunika, anabwera.

Ndinkayembekeza kuti pakhomo pa khoti andikweza galimoto ya ku Lindela, ku Krugersdorp kuja, kumene amasungira anthu odikira kubwezedwa kwawo, ndipo lamulo limalola kusunga munthu mpaka masiku 120. Loya uja anayankhula ndi wa zolowa ndi kutuluka, n'kumuonetsa kuti pomangidwa masiku anga anali amoyo. Anandipatsa kalata yoti ndituluke ndekha m'dziko ndi ndalama zanga. Kutenga pasipoti kupolisi kunadya masiku atatu, kusonkha ya basi enanso. Ndinanyamuka Lamlungu. Pa Beitbridge wa pawindo anawerenga pakompyuta n'kunena kuti ndapitirira ndi masiku 34. Lamulo lake n'loti ukapitirira osaposa masiku 30 amakuletsa kulowanso kwa chaka chimodzi, ukaposa 30 ndi zaka zisanu. Tsiku limene ndinkatuluka kukhoti anali 28. Palibe anandiuza, nanenso sindinafunse. Chidindo chinagwa, zaka zisanu. Loya anandipatsa makalata a kukhoti oti ndingachitire apilo ku Home Affairs, unduna wawo woona zolowa ndi kutuluka, ndipo mphwanga wa ku koleji walonjeza kundithandiza kulemba. Kaya ndikufunadi kubwererako, mundifunse chimanga chikacha.

Kondakitala wa basi amene munandikweza ndalama itaperewera R200, n'kundigulira chakudya pa Nyamapanda, zikomo. Titaoloka Zambezi pa Tete ndinagona tulo toyamba tenitweni, ndinadzidzimuka tili pa Zobue. Agogo anga, amene anapita ku migodi pa Wenela ali mnyamata, atandiona anangoti, "Wabwera ndi miyendo yako iwiri, ena tinkawabweretsa ndi bulangete lokha." Ndiye kulandira kwawo kumeneko.

Ndalama zimene munasonkha zinatsalako R640. Ndawauza apampando kuti zisabwere kuno. Makina aja apolisi anawabweza, ali kwa alamu, ndipo mnyamata aliyense wa kwathu amene akuyamba maganyu akhoza kukawabwereka. Adona alemba kalata yosaina yonena kuti anawapereka, alamu aimata m'pulasitiki pachogwirira.

Achimwene a ku Mangochi aja akadali mkati. Uno ndi mwezi wawo wachisanu ndi chiwiri pa limandi, mlandu ukungoimitsidwa, ndipo abale awo onse ali kumudzi. R640 ija ndi yawo. Akufunika sopo, mafuta odzola, ndi munthu woti akakhale pabenchi tsiku la khoti kuti woweruza aone kuti ali ndi anthu. Akaonekeranso sabata ya mawa Lachitatu. Amene mapepala anu ali bwino ndipo mungathe kupita, ndilembereni ku inbox ndikuuzeni dzina ndi khoti lake.