Batire likamafooka pa ndege yomanga nokha: mmene ndimasakira vuto pa Rotax 912

Pa ndege zing'onozing'ono zoyendera injini ya Rotax 912 ya makabureta, dandaulo limakonda kukhala limodzi. Uli m'mwamba voltmeter yatsika kufika pa 12 V, nyali yochenjeza yayaka, m'mawa mwake sitata ikungolira osazunguza propela. Ambiri kuno ku Lusaka amathamangira kuitanitsa regulator (kachipangizo kowongolera magetsi otchaja batire) kunja, n'kudikira masabata, kenako yatsopanoyo n'kupsanso. Ine sindigula kanthu ndisanayeze ndi multimeter, mita yoyezera magetsi.

Ndisanagwire chilichonse ndimatchinga matayala ndi kuonetsetsa kuti palibe munthu pafupi ndi propela. Swichi ya ignition imazimitsa injini poigwetsera magetsi ku earth (njira yobwerera magetsi, ya mbali ya negative), choncho nthambo yakeyo ikaduka injini ikhoza kulira ngakhale swichi ili pa OFF. Dziwaninso kuti ignition ya injini imeneyi imadzipangira yokha magetsi, sidalira batire. Injini kulira bwino sikutanthauza kuti batire likulandira moto.

Batire ndimaliyeza litagona usiku wonse osatchajidwa. La lead-acid lodzaza limaonetsa 12.6 mpaka 12.8 V. Likakhala pa 12.2 V ndiye kuti lili chapakati. Kenako mnzanga n'kuliza sitata, ignition ili yozimitsidwa, ine maso pa mita. Likagwa kutsika 10 V, ngakhale linali lodzaza, batirelo latha.

Ngati batire lapirira, ndimapita ku earth, ndipo apa m'pamene ndimathera nthawi yambiri. Kuyeza ma ohm pa nthambo yaikulu kumanamiza, chifukwa kawaya kamodzi kotsala mkati n'kokwanira kuti mita ionetse ziro. Muyeze nthamboyo ikugwira ntchito. Ndimaika mita pa DC, chala chakuda cha mitayo pa mutu weniweni wa negative wa batire, osati pa chomangira chake, chofiira pa chitsulo cha injini, mnzanga n'kuliza sitata. Mita ikaonetsa kupitirira 0.3 V, magetsi akutayika panjira. Ndimasuntha chala chofiira mfundo ndi mfundo kubwerera ku batire mpaka pamene nambala yagwa mwadzidzidzi, ndipo pamenepo ndi pamene pali vuto. Kumbali ya positive ndimachita chimodzimodzi, kudutsa pa master contactor ndi pa solenoid ya sitata, maswichi aakulu olumikiza batire ku ndege ndi ku sitata.

Injini imakhala pa zogwirira za rabala, ndipo rabala sapititsa magetsi. Popanda nthambo yakeyake ya earth kuchokera pa injini, magetsi a sitata amadzifunira njira ina, kudzera mu kebulo ya throttle kapena tinthambo ta masensa, n'kuziwotcha. Nthambo ya sitata ndi ya earth zisachepere 16 mm². Mukamasula bawuti yake yang'anani pansi pa chomangira. Nthawi zambiri mupeza penti yomwe womanga anaiwala kupala, kapena ufa wobiriwira wobwera ndi chinyezi cha dzinja. Palani mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, ndipo mupakepo girizi pang'ono pamwamba mutamanga kale.

Tsopano ndimayatsa injini. Ikafika cha pa 3000 rpm, pa bus (pamene magetsi amagawikira ku zipangizo zonse) pazioneka pakati pa 13.8 ndi 14.2 V. Pa idle, injini ikulira pang'onopang'ono, musadandaule mukaona zotsika, makamaka nyali zonse zili zoyaka, chifukwa jenereta ya mkati mwa injiniyi imapereka 250 W yake pokhapokha injini ikathamanga kwambiri. Amenewo ndi ma amp 18 kapena kuposerapo pang'ono basi. Werengerani zonse zoyaka nthawi imodzi: wailesi, transponder (chodziwitsa ndege kwa radar), pampu ya mafuta, nyali zothwanima za strobe, ndi matabuleti otchajira pa panelo. Ine sindifuna kuti zipitirire 14 A. Pali ndege zina zimene zilibe chowonongeka, anangozisenzetsa katundu wochuluka.

Magetsi akapanda kukwera, ndimazimitsa injini n'kuzula pulagi ya regulator ya Ducati. Ili ndi mano 6: G, G, R, +B, L ndi C. Nthambo ziwiri zachikasu za pa G ndi zochokera ku stator (makoyilo a jenereta ya mkati mwa injini), ndipo ndi zimene zimakonda kupsa. Yandikitsani pulagiyo ku maso. Pulasitiki yoyera ikasanduka yofiirira mozungulira mano a G, ndiye kuti chogwira chinakhwefuka ndi kunjenjemera kwa injini, chinayamba kutentha, kutenthako n'kuchikhwefulanso. Kuchifinya ndi pulayala sikukhalitsa. Dulani mpaka pamene mkuwa uli wowala, muike chatsopano.

Stator ndimaiyeza pakati pa nthambo zachikasuzo. Iyenera kuonetsa 0.1 mpaka 0.8 ohm, mutachotsera ma ohm a zala za mita yanu, ndipo pakati pa nthambo iliyonse ndi chitsulo cha injini pasakhale njira konse. Injini ikulira, mita ili pa AC, nthambo ziwirizo zimapereka 15 mpaka 20 V pa idle, n'kumakwera kupyola 30 V mukawonjezera mafuta. Zikatero stator ilibe mlandu.

Dzino la C anthu amalinyalanyaza, pamene ndi limene regulator imamvera nalo kuchuluka kwa magetsi. Master (swichi yaikulu ya magetsi) ili yoyaka, pakati pa C ndi chikuto cha regulator pazioneka nambala yofanana ndi ya batire. Pakakhala ziro sitchaja n'komwe. Pakakhala pocheperapo chifukwa cha mfundo yadzimbiri, regulator imaganiza kuti batire lafooka n'kukankha magetsi ochuluka, batire n'kumaphikika. Chikuto chakecho chimafunanso earth yodalirika, osati kungodalira mabawuti a pa firewall (khoma lolekanitsa injini ndi kachipinda) yopentedwa.

Regulator imeneyi siyenera kutentha kupitirira 80°C. Mu Okutobala kuno kumapyola 30°C, ndipo Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo suziziritsa bwino. Regulator ikakhala pafupi ndi ekizozi, ndege itaima nthawi yaitali kudikira kunyamuka, imapsa pang'onopang'ono. Chizindikiro chake n'chakuti imatchaja bwino injini ikadali yozizira, n'kuleka pakapita mphindi zingapo. Ndimaisamutsira pozizira kapena kuilozetsera kapaipi ka mphepo yakunja.

Capacitor (kachipangizo kosalaza magetsi) ya 22,000 µF, 25 V iyenera kukhalapo pakati pa +B ndi earth, pafupi ndi regulator, mbali zake zosasinthanitsidwa. Ikatupa pamwamba kapena kuchucha, isintheni. Kulira kwa mluzu m'mahedifoni komwe kumakwera limodzi ndi rpm nthawi zambiri kumachokera pamenepa. Ndipo musazimitse master injini ikulira.

Pokonza, chonde musaike nthambo zamagalimoto zogula m'tauni. Khungu lake la PVC likapsa limatulutsa utsi woipa m'kachipinda kamene simungatulukemo. Gwiritsani ntchito za khungu la Tefzel, zomangidwa ndi chofinyira cha ratchet. Pamalo onjenjemera solder imaumitsa waya n'kuuthyola pomwe yathera. Breaker (swichi yodula magetsi akachuluka) imateteza nthambo, osati chipangizo: 5 A pa 22 AWG (muyeso wa kunenepa kwa nthambo), 7.5 A pa 20 AWG, 10 A pa 18 AWG. Ikamazima mobwerezabwereza musaikulitse, tsatirani nthamboyo pamene yadutsa pa firewall ndi pamene makoswe a mu hangar amafika.

Ndikamaliza ndimayendetsa injini kwa mphindi 10 zonse zili zoyaka, kulemba ma volt pa idle ndi pa 4000 rpm, kuzimitsa, n'kukhudza pulagi ya regulator kuti ndimve ngati mano a G atentha kuposa anzake. Manambalawo ndi zimene ndasintha zimalowa mu logbook, ndipo amasaina munthu wololedwa ndi malamulo a Zambia Civil Aviation Authority ndegeyo isanauluke.