Zaka zitatu tikuweta akalulu odziwa pokadzithandizira

Mwezi uno takwanitsa zaka zitatu chiyambireni kugulitsa akalulu oweta m'nyumba kuno ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo taona kuti ndi bwino tikufotokozereni kumene tachokera, inu amene mwakhala mukutikhulupirira.

Tinayamba ndi akalulu awiri a mtundu wa New Zealand White, cholinga chathu chili cha ndiwo basi, monga mmene mabanja ambiri amawetera. Zinthu zinasintha mwana wathu wamkazi atakakamira kuti kalulu mmodzi wamng'ono azigona m'nyumba. Sabata yoyamba inali yovuta, chifukwa mkodzo wa kalulu umakhala wambuu ndipo ukauma umasiya zoyera pasimenti, koma ndinazindikira kuti kanyamako kanali kubwerera pangodya imodzimodzi nthawi zonse. Ndinaika beseni losaya pangodya imeneyo, ndinayalamo nyuzipepala zakale, ndinatolera ndowe zake zochepa n'kuziponyamo kuti fungo lake likhalemo, ndipo posakhalitsa tinaleka kukolopa pabalaza kangapo patsiku.

Chimene ndinaphunzira pambuyo pake, chimenenso bizinesi yathu yatsamirapo, n'chakuti kalulu amakonda kudzithandiza pamene akudya. N'chifukwa chake timamangirira udzu wouma pamwamba pa beseni, kuti akafuna kudya ayambe walowamo. Mwana wa kalulu timamuyambira m'malo ochepa, ndipo timamukulitsira poyenda pokhapokha akazolowera beseni lake. Akaphonya, timapukuta malowo ndi viniga wosakaniza ndi madzi kuti fungo lithe, apo ayi adzabwereranso pomwepo. Sitimumenya kapena kumukalipira, popeza kalulu ndi nyama yamantha imene ikaopsezedwa imangoyamba kuthawa munthu osaphunzira kanthu. Mchenga umene amaikira amphaka pokadzithandizira, umene umagwirana ukanyowa, sitiugwiritsa ntchito, chifukwa kalulu amalawa chilichonse ndipo mchengawo ukhoza kumutseka m'mimba.

Vuto lalikulu linatigwera m'dzinja la chaka chathu choyamba. Munthu wina amene ankatigulitsa udzu anatibweretsera matumba amene pamwamba pake panali pouma bwino, koma m'kati munali monyowa ndiponso mwa nkhungu, ndipo ine, chifukwa chomukhulupirira, sindinakhuthule matumbawo kuti ndione. Ana a akalulu amene anali atangosiya kuyamwa anayamba kutsekula m'mimba, ndipo m'masiku ochepa tinakwirira ambiri mwa iwo, kuphatikizapo amene makasitomala anali atalipirira kale. Tinabweza ndalama zonse. Munthuyo mpaka lero sanabwere kudzapepesa, ngakhale amadutsa pamsewu wathu. Titapita ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuti tiyambirenso, anatifunsa ngati kalulu ndi chikole, ndipo anatibweza chimanjamanja. Kenaka mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya waya, mabeseni ndi chakudya n'kukwera nthawi imodzi. Kunena zoona, ndinatsala pang'ono kugulitsa makola onse.

Sitikanafika pano pakanapanda amayi a banki m'khonde ya kwathu, amene anandibwereka ndalama popanda kundinyoza, ndipo ena mwa iwo ankabwera kudzaona ngati akalulu otsalawo akudya. Ndikuthokoza amuna anga, amene anakhoma makola atsopano okwera m'mwamba kuti chinyezi chisafike, ndi mayi anga, amene amatiumitsira masangwi a mtedza kumudzi akamaliza kukolola. Ndikuthokozanso adokotala a ziweto amene anatiphunzitsa kununkhiza ndi kufunyulula udzu uliwonse tisanaupereke, anzathu oyandikana nawo nyumba amene amatisungira nyuzipepala, komanso makasitomala aja amene titawabwezera ndalama anatiuza kuti adikira, ndipo anadikiradi. Mwana wathu uja, amene anayambitsa zonsezi, ndiye amatsuka mabeseni Loweruka lililonse.

Lero kalulu sachoka pakhomo pathu asanakwanitse masabata 8, ndipo amachoka atayamba kale kuzolowera beseni. Timakupatsani beseni lomwelo limene wakhala akugwiritsa ntchito, pamodzi ndi udzu wa sabata yoyamba, kuti akafika kwanu apeze fungo limene akulidziwa. Timakuuzaniratu zoona kuti tindowe towuma tingapo mudzatipezabe pansi nthawi zina, ndiponso kuti akafika miyezi inayi kufikira isanu ndi umodzi, pamene akutha msinkhu, akalulu ambiri, makamaka amphongo, amayamba kuwaza mkodzo posonyeza malo awo. Ena amaganiza kuti taagulitsa kalulu wosaphunzira, koma chimene chimathandiza pamenepo ndi kupita naye kwa dokotala wa ziweto kuti akamufule, ndipo timakulozerani kopita.

Pakali pano tili ndi ana a New Zealand White ndi a Dutch, amene ali ndi mzere woyera pamphuno aja, okonzeka kupita kwa eni ake atsopano. Amene mukhala m'nyumba za lendi ndipo mukuopa fungo, bwerani Loweruka m'mawa limodzi ndi ana anu mudzalowe m'chipinda chimene akaluluwa amasewereramo, mudzaone nokha musanalipire kanthu.