Magazi a buluu amene amayeza dripi ndi katemera

Botolo la dripi likhoza kukhala lopanda kachilombo kamoyo n'kamodzi komwe, koma n'kudwalitsabe munthu. Mabakiteriya ena akafa amasiya poizoni wotchedwa endotoxin, ndipo poizoniyu satha ngakhale madziwo muwawiritse. Akalowa m'mitsempha thupi limatentha, BP imatsika, wodwala wofooka atha kutisiya.

Chomugwirira poizoniyu chinachokera m'nyanja, kwa nyama yachigoba yotchedwa Limulus polyphemus, yopezeka m'mphepete mwa Atlantic ku North America. Magazi ake ndi a buluu chifukwa muli kopa. M'zaka za m'ma 1960, Frederik Bang ndi Jack Levin anapeza kuti maselo a m'magazi amenewa amaundana akangokhudzana ndi endotoxin. Mu 1977 a FDA, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, anavomereza mankhwala oyezera opangidwa kuchokera ku maselowo, otchedwa LAL. Kale ankabaya akalulu n'kumadikira ngati atenthe thupi.

Kayezedwe kake n'kosavuta kukamva. Mumathira 0.1 ml ya chimene mukuyeza mu chubu, n'kuonjezamo 0.1 ml ya LAL, n'kuisiya pa madigiri 37 kwa mphindi 60. Kenako mumaizondotsa pang'onopang'ono. Zam'katimo zikagwirana osagwa, poizoni alimo. Zikayenderera, ndiye kuti alibe kapena ndi wochepa kwambiri.

Povuta ndi pa tizinthu ting'onoting'ono. Chubu chagalasi chimayenera kuotchedwa pa madigiri 250 kwa mphindi 30, apo ayi chimabwera ndi poizoni wake n'kunamizira mankhwala abwinobwino. Wina akagunda tebulo nthawi yodikira ija, choundanacho chimasweka osagwirananso, ndipo botolo loipa limaoneka ngati labwino. Kulakwa kumeneku ndiye koopsa, chifukwa kumathera pa mkono wa wodwala. pH nayo, womwe ndi muyezo wa asidi wa zam'chubumo, ikhale pakati pa 6 ndi 8. Palinso shuga wina wotchedwa beta-glucan, wochokera ku nkhungu kapena ku zosefera za cellulose, amene amaundanitsa LAL ngakhale endotoxin palibe.

Nyamazi amazikoka magazi n'kuzibwezera m'nyanja, koma zina zimafa. Akatswiri a ku Singapore anapanga Factor C, puloteni ya m'magazi amenewa imene imazindikira endotoxin, mu labu popanda kukhudza nyama, ndipo beta-glucan saipusitsa. Malamulo a zamankhwala ku Ulaya anailandira kale, choncho makampani amene akugwiritsabe ntchito magazi pa zoyeza zimene Factor C ingathe akuyenera kusintha.