Mwala wosalala m'kati umandikayikitsa

Anthu akwathu ku Mbare ndi ku Highfield, mu Harare muno, akangomva kuti ndimayeza miyala ya mtengo wapatali, sachedwa kumasula kansanza. Mumapezeka kamwala kowala, ndipo mwini wake amakhala atakanda nako kale galasi la pawindo n'kukhutira kuti watola dayamondi. Chonde, abale anga, lekani zimenezi. Ngakhale quartz wamba, yemwe ali pa 7 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, amakanda galasi bwinobwino, pomwe dayamondi ali pa 10. Mungathenso kubenthula mwala wabwino.

Ku labu sitikanda chilichonse. Timaika mwala pa refractometer ndi kadontho ka mankhwala, n'kuwerenga m'mene ukukhotetsera kuwala: emerald amaonetsa cha pa 1.57 mpaka 1.58, ruby 1.76 mpaka 1.77. Timauyezanso kulemera pouma ndi m'madzi. Ruby amalemera kanayi poyerekeza ndi madzi ofanana naye kukula, emerald cha pa 2.7 basi.

Koma pamene pali mtima wanga ndi pa maikulosikopu. Emerald wa ku Sandawana, ku Mberengwa, amene anapezeka m'zaka za m'ma 1950, amakhala wamng'ono koma wobiriwira kwambiri, ndipo m'kati mwake muli timizere ta mwala wina wotchedwa tremolite, topingasana ngati udzu wogwa ndi mphepo. Wogula amati ndi chilema. Ine ndikationa mtima umakhala pansi, chifukwa ndi umboni woti mwalawo unakulira m'nthaka. Chibenthu cha botolo chimene wina angachiyese emerald chimakhala ndi timathovu tozungulira. Ruby wopangidwa ku fakitale m'njira ya Verneuil, imene inadziwika mu 1902, ndiye wovuta: manambala ake ndi ofanana ndendende ndi a ruby weniweni. Chimamuulula ndi mizere yokhota ya m'kati, poti wachilengedwe mizere yake ndi yowongoka.

Malume anga anabwera ndi kamwala kofiira kuchokera ku Ntcheu, akuti ndi ka ku phiri la Chimwadzulu, kumene ruby ndi sapphire amapezekadi. Manambala sanagwirizane. Ndinati, "Malume, uyu ndi garnet. Ndi mwala weniweni ndithu, koma mtengo wake si wa ruby." Anapempha kuti asuzumire okha pa makinawo, ndipo ndinawapatsa mpando.

Dziwaninso kuti kuno ku Zimbabwe kusunga dayamondi kapena emerald wosadulidwa popanda chilolezo ndi mlandu. Wina akakuitanirani malonda otere kuseri kwa shopu, funsani mapepala musanagwire n'komwe.