Gemu ya wakabaza yatha, zikomo nonse

Abale ndi anzanga, gemu ija ndaimaliza. Ndaionetsa kwa aphunzitsi a dipatimenti yathu ndipo yadutsa. Palipoti palembedwa dzina langa lokha, koma amene agwirapo ndi ambiri, n'chifukwa chake ndati ndithokoze poyera.

Kwa inu amene simunaione, ndi gemu ya wakabaza amene akuthamangira kumsika atanyamula kasitomala uku akuzemba maenje, mbuzi ndi maminibasi. Ndinaipangira pa TIC-80, kapulogalamu kaulere kotengera makompyuta akale. Sikirini yake ndi ya timadontho 240 m'litali ndi 136 m'lifupi, mitundu 16 yokha. Khodi yonse ndinalemba mu Lua, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta.

Achemwali, laputopu yanu ndiyo yabereka gemuyi. Munandisiyira inu mukuifunanso kuntchito, ndipo magetsi akazima munkainyamula kukaitchajitsa kwa anzanu. Ambuye akudalitseni. Amayi, ndalama za bando munkapatula pa za ndiwo, ndikudziwa.

Aphunzitsi anga ondiyang'anira, zikomo chifukwa cha vuto lija linandisowetsa tulo. Njinga ikathamanga kwambiri inkangodutsa mkati mwa minibasi osagunda. TIC-80 imajambula sikirini ka 60 pa sekondi, ndiye njinga ikalumpha timadontho tambiri nthawi imodzi inkapezeka kale tsidya lina. Simunandilembere khodi ayi. Munatenga choko, n'kujambula timabokosi pabolodi, n'kundifunsa mafunso mpaka ndinaona ndekha kuti njingayo iziyenda kadontho kamodzikamodzi, gemu n'kumayang'ana pa kadontho kalikonse ngati njingayo yagunda kapena ayi.

Mnzanga wa m'chipinda, iwe ndiwe unajambula wakabazayo m'kabokosi ka timadontho 16 mbali zonse. Unasuntha timadontho tiwiri ta bondo, munthu n'kuyamba kupalasa. Mpaka lero ndimangokayang'ana kamwendo kaja. Zikomo aise.

Koma amene anaisintha gemuyi kwenikweni ndi akabaza a pasiteji ya kwathu. Nditawaonetsa, mkulu wina anandiuza kuti njinga yonyamula munthu ndi thumba la chimanga siima pomwepo ukagwira buleki, imakukoka kaye. Ndinakaziika, ndipo aphunzitsi anayamikira kwambiri mbali imeneyi. Madala, nzeru imeneyo ndi yanu.

Ana a pamdadada pathu, inu munkalimbirana kiyibodi Loweruka lililonse n'kundipezera pomwe gemu ikuima, ndakumvani: mulingo wa mvula ndi matope ukubwera.

Amene mukufuna kuisewera ndiuzeni ndikutumizireni. Imatseguka pa browser, palibe choika pakompyuta.