Thupi liyambe, mawu abwere pambuyo

Musanampatse wosewera zisudzo mawu oloweza, mpatseni mobisa nambala yosonyeza ulemu wake, kuyambira 1 mpaka 10. Wa 10 ndi mfumu: mutu sugwedezeka polankhula, ndipo amadikira masekondi atatu asanayankhe. Wa 2 ndi mkamwini pamaso pa apongozi: mapewa ogwa, maso kumbali, manja akutikitana. Ayende mphindi zisanu, anzake atchule nambalayo.

Ambiri amaononga 10 pokuwa ndi kutukumula chifuwa. Wokuwa amaopa kuti sakumveka, ndiye watsika kale. Pabwalo la milandu yokweza mawu ndi nduna, mfumu imangomvetsera.

Povuta ndi 5 ndi 6, chifukwa ulemu wawo ndi wosasiyana kwenikweni. Kaoneni amayi awiri ogulitsa tomato pamsika wa Kapata ku Chipata akamalimbirana kasitomala, muone amene ayambe kugwetsa maso.